Nyenje zalira msanga, koma mbewu ikhale kaye m'thumba

Dzulo masana ndikuchapa kuseri kwa nyumba kuno ku Area 25 mu Lilongwe ndinamva nyenje. Ndinaima ndi thovu m'manja kumvetsera bwino, poti Ogasiti sanathe n'komwe, majuzi akadali pa msomali. Koma inali nyenjedi, ili pa mtengo wa mango, kulira ngati tili mkatikati mwa Okutobala. Mango omwewo maluwa anayoyoka kalekale, pano pali timango tonga chala chachikulu, ndipo ana apaneba ayamba kale kugenda, mchere uli m'thumba la kabudula.

Ndiye lero popita ku tauni ndinatsegula maso. Majakaranda ena a ku Area 3 ayamba kuonetsa mtundu wawo uja, chikhalirecho ife tinazolowera kuti maluwa amenewa amadzaza pansi kumapeto kwa Seputembala mpaka Okutobala. Podutsa pa Lingadzi, m'nkhalango ija ya pafupi ndi Wildlife Centre, mitengo ingapo yavala kale mphukira zofiira. Ndi zokongola, sindikana. Koma ine mtima sunakhale pansi.

Madzulo amayi aimba kuchokera ku Mitundu. Moni tisanamalize n'komwe, akuti, "Mwanawe, mitengo yaphuka, nyenje zalira. Chaka chino mvula ibwera msanga. Tumiza ya mbewu tibzale ndi mvula yoyamba." Ndinawayankha kuti, "Amayi, ndalama nditumiza, sosani ndi kuunda mizere, koma mbewuyo muisunge kaye." Anaseka, amvekere ana a m'tauni mumadziwa mvula ya pa foni basi.

Maganizo anga ndi akuti makolo athu sanali kunama, koma zizindikiro zimenezi zimanena za kutentha. Mitengo ya mombo, tsamba ndi mtondo imaphuka mvula isanagwe ngakhale dontho, chifukwa mizu yake imakoka chinyezi chapansi, ndipo imadzuka kukayamba kufunda. Nyenje nazo zimatuluka kukatentha. Kale kutentha ndi mvula zinkayenda motsatana: nyenje zikalira, chizimalupsa chili m'njira, kenako mvula yobzalira mu Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala. N'chifukwa chake agogo ankatha kuwerenga mtengo ngati kalendala. Pano kutentha kukufika msanga, koma mvula yathu imabwera ndi mphepo zochokera kutali, ku Congo ndi ku nyanja ya mchere ya India, ndipo mphepo zimenezo sizimva nyenje ya ku Mitundu.

Tayiwala kale 2024? Anthu anabzala, chimanga chinamera bwinobwino, mu Febuluwale ng'amba ya El Niño n'kuchiwotcha chili m'chiuno. Pofika Malichi, Pulezidenti Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chaka chomwecho ndi chimene akatswiri a zanyengo padziko lonse ananena kuti chinatentha kuposa zaka zonse zimene analembapo. Munthu wogula mbewu ya m'sitolo ndi feteleza pa mitengo ya masiku ano sangakwanitse kubzala kawiri. Kale ukapsereza unkangopita ku nkhokwe kukatapa ina.

Mtengo umene ine ndimaukhulupirira pang'ono ndi msangu, uja wochita zosemphana ndi anzake, wokhala ndi masamba chilimwe chonse n'kuyoyola mvula ikamafika. M'munda mwa agogo munali misangu itatu, chimanga cha pansi pake chinkakhala chobiriwira chosathira kanthu. Unatsala umodzi, inayo inapita ku uvuni ya njerwa. Ndi mmene zililinso kuno: misewu taikuza, mitengo ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta inagwa, nkhalango ya Dzalanyama tikuibweretsa m'matumba a makala pa njinga m'mawa uliwonse (inenso mbaula yanga ikudya omwewo, ndisadziyeretse). Mwina kutentha kwina tikukumva msangaku n'kwa simenti ndi malata athu omwe.

Ndinawafunsa amayi ngati msangu wotsalawo wayamba kuyoyola. Anakhala chete pang'ono, kenako akuti ayi, masamba ali thithithi. Tagwirizana kuti tidikire mvula yonyowetsa nthaka mpaka khasu lilowe lonse, komanso timve kaye zimene a nthambi yoona zanyengo alengeze. Koma ndikuwadziwa amayi anga. Ya mbewuyo nditumiza mu Novembala.