Kukopera khodi si mlandu, koma dzina la mwini wake musamalifufute

Nkhani imene inabuka sabata yatha m'gulu lathu la WhatsApp la olemba mapulogalamu sinandichokebe m'mutu, ndiye lekani ndinene maganizo anga pano.

Chaka chatha ndinalemba kakhodi kakang'ono (malangizo ouza kompyuta zochita), mizere pafupifupi 40, kokonza manambala a foni. Mukudziwa momwe anthu amalembera nambala pa fomu: wina ayamba ndi 0, wina +265, wina aika mipata pakati. Ntchito ya kakhodiko ndi kuwaika manambala onsewo m'kalembedwe kamodzi. Ndinakaika pa GitHub, tsamba la pa intaneti limene olemba mapulogalamu amasungapo khodi, ndi laisensi (chilolezo chogwiritsira ntchito khodi) yotchedwa MIT. Pamzere wina umene unandizunza ndinasiyapo kandemanga kakuti "apa musakhuze, ndagona mochedwa chifukwa cha pamenepa". Inde, musakhuze, wopanda d. Tulo tinali titandigwira.

Ndiye mnyamata wina, sinditchula dzina, anatumiza pulojekiti yake m'gulumo n'kunena kuti walemba yekha kuyambira poyamba. Mnzathu wina wamaso akuthwa atatsegula anapeza kakhodi kanga kali tayale, dzina langa ndi mawu a laisensi zitafufutidwa, koma "musakhuze" uja ali pompo. Anajambula n'kuponya m'gulu. Zimene zinatsatira ndi zimene zandilembetsa izi. Mawu akuti mbava, timaemoji toseka, wina mpaka kunena kuti akauze abwana ake. Pofika madzulo mnyamatayo anali atatuluka m'gulu.

Mtima unandiwawa, sindinama. Analakwitsa. Koma amene ankakuwa kuti wakuba aja, ndi angati mwa iwo amene sanakoperepo pa Stack Overflow, tsamba la mafunso ndi mayankho a olemba mapulogalamu, osatchula kumene achotsa? Ine ndinachitapo, kangapo konse. Ntchito yathuyi ndi yopalana moto. Palibe amene amasema yekha chilichonse kuyambira pachiyambi, ndipo amene angakuuzeni kuti amatero akukunamizani.

Vuto n'lakuti ambirife timaganiza kuti chimene chili pa intaneti ndi cha m'tchire, aliyense angathyole. Sizili choncho. Khodi imakhala ya amene wailemba kuyambira nthawi imene wailemba, sachita kukalembetsa kwina kulikonse. Kuno kwathu tikamva za umwini wa zolembalemba timaganiza za oimba ndi COSOMA basi, koma lamulo la Copyright Act la 2016 limatetezanso mapulogalamu a kompyuta. Ndipo chimene ambiri sadziwa n'chakuti khodi imene ili pa GitHub yopanda laisensi iliyonse ndiye yomangika kwambiri. Mutha kuiwerenga, mutha kuichita fork (kupanga kope lanu) pa GitHub pomwepo, koma mwini wake sanakupatseni chilolezo choitenga kukaika mu pulogalamu yanu yogulitsa.

Laisensi ya MIT imene ndinasankha ija ndi yofewa zedi. Tengani, sinthani, gulitsani ngati mukufuna. Imangopempha chinthu chimodzi: dzina la mwini ndi mawu a laisensiyo azikhalapobe. Mnyamata uja akanangosiya timizere timeneto, bwenzi ndikumuombera m'manja. Chinthu ndinamupatsa kale kwaulere, iye n'kuchitenga ngati woba. Mpamene pakundidabwitsa mpaka lero.

Laisensi ina yotchedwa GPL, imene Richard Stallman anatulutsa mu 1989, ili ndi mano. Ukatenga khodi ya GPL n'kuiphatikiza mu pulogalamu imene ukugawa kwa anthu, uyenera kutsegula khodi yakonso pa laisensi yomweyo. Mu 2003 anthu anatulukira kuti ka rauta (kachipangizo kogawa intaneti) ka kampani ya Linksys kotchedwa WRT54G kankayendera pulogalamu ya Linux, imene ili pa GPL, koma kampaniyo sinatulutse khodi yake. Atapanikizidwa anaitulutsa, ndipo m'menemo ndi mmene munabadwira pulogalamu ya OpenWrt, imene anthu akuikabe m'marauta mpaka pano. Phindu lake linagwera aliyense.

Koma chifukwa chenicheni chimene ndimalimbikira kuti tizitchula kumene tachotsa khodi si mantha a khoti. Kunena zoona, ndani angakusumire chifukwa cha mizere 40? Tamvani iyi. Mu 2010 Andreas Lundblad anayankha funso pa Stack Overflow ndi kakhodi ka Java kosintha kukula kwa fayilo kuti kuziwerengeka bwino, monga 1.5 MB m'malo mwa chinambala chachitali. Kafukufuku wa Sebastian Baltes wa mu 2018 anapeza kuti kakhodi kameneka ndiko kanakoperedwa kwambiri m'mapulojekiti a pa GitHub amene anawafufuza. Mu 2019 mwini wakeyo, Lundblad, anadzalemba yekha kuti kali ndi vuto: ukakapatsa 999,999 kamalemba "1000.0 kB" m'malo mwa "1.0 MB". Anakakonza. Tsono amene anasiya link pamwamba pa khodi yawo ali ndi njira yobwerera kukatenga chokonzedwacho. Amene anafufuta mapazi awo akungoyenda nalo vutolo, sakudziwanso n'komwe kuti linachokera kuti.

Zomwezo zinachitika ndi kakhodi kanga. Miyezi ingapo yapitayo ndinapeza kuti kankasokonezeka munthu akayamba nambala ndi 00265, ndipo ndinakonza. Pulojekiti ya mnyamata uja inali ndi kakale, kolakwika kaja. Pofufuta dzina langa anadzidulira yekha njira.

Paja mayankho a pa Stack Overflow nawonso ali ndi laisensi, ya Creative Commons yotchedwa CC BY-SA, imene imafuna kuti utchule mwini wake. Tonse timadina batani lovomera osawerenga.

Ena m'gulumo anati masiku ano zonsezi n'zachikale, poti AI ndiyo ikutilembera khodi. Funso lake ndi lomwelo, langovala malaya ena. GitHub Copilot, AI yothandiza kulemba khodi, itatuluka mu 2021, anthu anayamba kudandaula kuti inaphunzira pa khodi ya anthu ena ndipo nthawi zina imalavula mizere yawo yopanda dzina kapena laisensi. Mu November 2022 nkhaniyi inafika kukhoti ku America. Ngati tikukwiyira makampani akuluakulu pa zimenezi, ifenso tisamachitirane zomwezo.

Tsopano kwa ma admin a magulu athuwa, ndi inu ndikufuna kulankhula nanu kwenikweni. Munthu akagwidwa ndi khodi ya mnzake, bwalo loyamba lisakhale pagulu. Mulembereni kumbali, mumuonetse mizereyo, mumupatse masiku abwezeretse dzina ndi laisensi. Ngakhale GitHub, ikalandira dandaulo la DMCA (lamulo la ku America la umwini wa zolembalemba) lokhudza mbali chabe ya pulojekiti, imayamba yapatsa mwini pulojekitiyo mpata woti akonze, ndipo amene akuona kuti wanamiziridwa amatha kuyankha. Kumbukirani youtube-dl, pulogalamu yotsitsira mavidiyo, imene inachotsedwa pa GitHub mu October 2020 chifukwa cha dandaulo lotere n'kubwezeretsedwa mwezi wotsatira. Woneneza naye amatha kulakwitsa. Wogwidwayo akakana kukonza, kapena akapezeka kuti ndi khalidwe lake, kapena akugulitsa ntchito ya mnzake yopanda chilolezo, apo ndiye mutulutseni, ine sindidzamuikira kumbuyo. Koma wophunzira amene palibe anamuuzapo kuti fayilo yotchedwa LICENSE ili ndi ntchito, kumuchititsa manyazi pamaso pa anthu onse sikumuphunzitsa kutchula mwini. Kumangomuphunzitsa kuti ulendo wina azifufutanso ndemanga zomwe.

Ine ndinamulembera ndekha mnyamata uja usiku womwewo. Anayankha patapita masiku awiri, mwaulemu ndithu. Akuti ankaopa kuti akasiya dzina langa anthu aziti sadziwa ntchito. Ndinamuuza kuti, achimwene, wolemba ntchito wanzeru akaona kuti mukudziwa kusankha khodi ya ena n'kuitchula moyenera, mpamene amakukhulupirirani. Anabwezeretsa laisensi, anatenga kakhodi kokonzedwa kaja, ndipo pa "musakhuze" anaikapo d. M'gulu muja ndiye wakana kubwereramo.