"Chabwino" wa pa foni alibe nkhope

Anthu ambiri amati pokambirana mtengo kapena mgwirizano pa meseji uzibisa mtima, ulembe manambala okha basi. Ine ndikukana. Ukabisa momwe ukumvera, wowerengayo amaika yekha mtima m'mawu ako, ndipo kawirikawiri amasankha woipa.

Zinandionekera ine. Ndinkakambirana ndi mayi wina za ntchito yoti andigwirire. Tinakokanakokana pa mtengo, kenako iwo anatchula wawo womaliza. Ndinaulandira ndi mtima wonse, ndinalemba kuti "Chabwino." n'kubweza foni m'thumba. Patapita masiku awiri ndinamva kuti nthawi imene akanandigwirira ntchitoyo anaipereka kwa munthu wina, poganiza kuti ndanyanyala. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa polemba liwu limenelo ndinali ndikumwetulira, koma kumwetulirako sikunafike kwa iwo.

Mu 2005 Justin Kruger, Nicholas Epley ndi anzawo anafufuza zomwezi. Anthu ankatumiza ziganizo, zina zolankhula moona, zina zonyodola, ndipo ankayembekeza kuti pafupifupi 8 mwa 10 zimveka monga akufunira. Amene anamva ziganizozo ndi makutu analondola pafupifupi 73 pa 100. Amene anawerenga pa imelo analondola 56 yokha, kusiyana pang'ono ndi kungolota. Gwero lake n'lakuti polemba umadzimva wekha m'mutu, umamva pamene wakweza mawu ndi pamene wafewetsa, n'kuiwala kuti mnzako wangolandira zilembo zouma. Ngakhale mpumiro umene ndinaika kumapeto kwa "Chabwino" uja uli ndi mlandu. Gulu la Celia Klin ku Binghamton University linapeza kuti yankho lalifupi la pa meseji likathera ndi mpumiro, anthu amaliona ngati losachokera pansi pa mtima, pamene mpumiro womwewo pa kapepala kolemba pamanja suvuta aliyense.

Kukhala chete nakonso kumalankhula. Chiyambireni 2014 pamene WhatsApp inabweretsa matiki a buluu, munthu amaona kuti mtengo wake wawerengedwa, ndiye ola lililonse lodutsa amalimasulira: andinyoza, apeza wina, ndatchula zambiri. Ena mpaka amadzitsitsira okha mtengo asanayankhidwe n'komwe, pamene mnzawoyo anangolowa mu msonkhano. Apa mpamene pafunika kukumbuka kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano nkhani ya mkwiyo, imene ndaiganizira kwambiri. Alipo amene amalimbikitsa kulemba mokalipa, zilembo zazikulu ndi mifuuliro itatu, kuti winayo agonje. Sindinganame, umboni ali nawo. Mu 2004 Gerben van Kleef ndi anzake ku Amsterdam anaonetsa kuti anthu okambirana pa kompyuta ankalolera zambiri akalandira mauthenga aukali kusiyana ndi achisangalalo, chifukwa ankaganiza kuti wokwiyayo wafika pamapeto, sasunthanso. Koma chaka chomwecho ofufuza ena anaunika mikangano yeniyeni ya ogula ndi ogulitsa a pa eBay, msika wa pa intaneti, ndipo anapeza kuti mawu aukali ankabala mawu aukali, mpata wogwirizana n'kuchepa. Ine ndimatsamira ku zachiwirizi. Munthu wa mu kafukufuku amadzuka n'kumapita, sadzakuonanso. Munthu weniweni amasunga uthenga wako, amauwerenganso usiku, amaujambula n'kutumizira m'bale wake kuti aone mmene wamulankhulira. Ukali wapakamwa umazilala ukangoona nkhope ya mnzako yagwa, umadzigwira pakati pa chiganizo. Pa foni nkhopeyo suiona, ndiye umalemba mpaka kumapeto. Ungapate zimene umafuna lero, koma munthuyo sadzafunanso kuchita nawe chilichonse.

Nanga emoji? Zimathandiza, sindikutsutsa. Scott Fahlman anapereka ganizo la kachizindikiro ka :-) mu 1982 ku yunivesite ya Carnegie Mellon ku America chifukwa nthabwala za pa kompyuta zinkatengedwa ngati nkhani zenizeni. Koma pa mgwirizano kachithunzi kamatha kunena zoposa zimene unafuna. Mu 2023 woweruza wa ku Saskatchewan, ku Canada, anagamula kuti mlimi amene anayankha chithunzi cha kontrakiti yogulitsa mbewu ya flax ndi emoji ya chala chachikulu chokweza anavomera mgwirizanowo. Mlimiyo ankati ankangosonyeza kuti uthenga waulandira. Analamulidwa kulipira madola a ku Canada oposa 82,000.

Zimene ndimachita masiku ano n'zosavuta. Ngati munthu sindikumudziwa, ndimayamba ndamuimbira kwa mphindi zochepa, kungopatsana moni ndi kudziwana, kuti akamawerenga mauthenga anga azimva mawu anga enieni. Kafukufuku wa Michael Morris ndi anzake wa mu 2002 anaonetsa kuti kucheza pang'ono pa foni musanayambe kukambirana pa imelo kumachititsa kuti mukhulupirirane. Kenako momwe ndikumvera ndimalemba m'mawu athunthu: "Mtengowu wandilemera, koma ntchito yanu ndaikonda ndipo ndikufunitsitsa tigwirizane." Ndikakhumudwa ndimanena kuti ndakhumudwa, n'kutchula chimene chandikhumudwitsa. Ndikafuna nthawi ndimalemba kuti ndaona, ndiyankha madzulo.

Mayi aja ndinadzawaimbira n'kuwafotokozera. Anandiuza kuti uthenga wanga anauwerenga kanayi, ndipo ulendo uliwonse ankamva ngati ndikuwatsekera chitseko.