Si Boone aliyense mdzukulu wa Daniel

Mwalemba kuti aliyense wa dzina la Boone ndi mdzukulu wa Daniel Boone, mlenje wotchuka wa ku America wa zaka za m'ma 1700, apo ndiye ayi ndithu achimwene. Bambo ake Squire Boone anachoka ku Devon, England mu 1713 kupita ku America nkudzabereka ana 11, ndiye ma Boone ambiri ndi ochokera kwa abale ake osati iyeyo, komanso pa ana 10 amene Daniel anabereka ndi mkazi wake Rebecca Bryan, James anaphedwa mu 1773 ali kamnyamata asanakwatire nkomwe, Israel anafera ku nkhondo ya ku Blue Licks mu 1782. Koma ine chondiwawa ndi akapolo amene ankagwira ntchito pakhomo pa Daniel, mu kalembera wa nthawi imeneyo ankangowalemba nambala basi opanda dzina, zidzukulu zawo ziyambira pati kufufuza?