Ku Chitungwiza sitimangogonako ayi

Achibale a ku Dedza akandifunsa komwe ndimakhala, ndimangoti ku Harare kuti nkhani ifupike. Koma zoona zake n'zakuti kwathu ndi ku Chitungwiza, ndipo ndatopa nako kubisala kumbuyo kwa dzina la eni.

Tauniyi inabadwa mu 1978, boma la Rhodesia litaphatikiza makomboni atatu: St Mary's, Zengeza ndi Seke. Cholinga chake sichinali chobisika. Azungu ankafuna manja a munthu wakuda ku Salisbury (dzina lakale la Harare) masana, koma dzuwa likalowa achoke, akagone kutali, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Ngakhale maina a madera athu a ku Seke amaulula zimenezi: Unit A, Unit B, Unit O, ngati akuwerenga makola.

Ufulu unabwera mu 1980, koma maganizo akale aja sanasamuke. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 370,000 kuno, chonsecho ambiri timadzukabe mbandakucha kukalimbirana kombi (minibasi) pa siteji ya Makoni, kenako n'kumakwawa pa Seke Road. Za njanji yopita ku Harare ndinayamba kuzimva ndili mwana, pano imvi zayamba.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi madzi. Mzinda waukulu chotere ulibe gwero lakelake, umadalira madzi ochokera ku Harare. Kumeneko akachepa, mpopi woyamba kuuma ndi wathu. Amayi amafika pa mjigo nkhuku zisanalire, zigubu zili ndondondo pamzere, ndipo ana ena amapita kusukulu atatopa kale. Kolera ya 2008 ija inayambira konkuno mu Ogasiti, ndiye wina azindiuza kuti nkhani ya madzi idikire kaye?

Komabe munthu wobwera kudzaona mavuto okha adzabwerera osatidziwa. Abwere Loweruka pa msika wa Chikwanha, utsi wa nyama yootcha uli tolotolo, nyimbo za magitala zotchedwa sungura zikulira mbali zonse. Adzaone Aquatic Complex, malo osambirirapo omwe anamangira masewera a All-Africa Games a 1995, pomwe timavina mpaka kucha. Ndipo ng'oma za gule zikalira, amene anzathu Achishona amati zvigure, adzamva nkhalamba zikuyankhulana Chichewa chija zinabwera nacho kuchokera ku Nyasaland.

Ine agogo anga tinawaika konkuno, osati ku Harare. Amalume, mukadzabwera, uzani kondakitala kuti akutsitseni pa Makoni.