Chinenero cha mangoma ndi dambwe la ana athu

Lamlungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi ku Mufakose mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, mayi wina anadandaula kuti adzukulu ake asiya Chichewa ndi Chishona chomwe, ndipo akulankhula chinenero cha mangoma, kapena kuti nyimbo za achinyamata za Zimdancehall, chimene iwo sachimva n'komwe. Ambiri anavomera, koma ine ndinangokhala chete, chifukwa maganizo anga ndi osiyana ndi awo.

Ife zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu tinayenera kukhala oyamba kuimvetsa nkhaniyi, pakuti tinakulira pafupi ndi gule wamkulu, amene anzathu kuno amamutcha zvigure. Kudambwe kuli mawu amene munthu wosagula njira sangawatulukire tanthauzo, ndipo ntchito yake ndi kusiyanitsa mwini gule ndi mlendo. Anyamata oimba Zimdancehall kumafulati a Matapi ku Mbare, kumene kuli situdiyo ya Chillspot, akuchita zomwezo, kungoti dambwe lawo ndi kachipinda kojambuliramo nyimbo.

Mawu ambiri sawatenga kutali, amangotola liwu lakale n'kulipinda. "Mudhara" linali la nkhalamba, monga "mdala" kwathu, koma lero mnyamata wa zaka 20 amatchedwa choncho ndi anzake pomupatsa ulemu. Malemu Soul Jah Love, woimba Zimdancehall amene anamwalira mu Febuluwale 2021, anatchuka ndi dzina loti "Chibaba", ndipo khutu la Mchewa silivutika nalo, poti ifenso timati chimunthu kapena chinyumba tikafuna kukuza chinthu. Mawu ena amawabwereka ku Jamaica, kumene dancehall inachokera. Liwu likabadwira mu situdiyo limakwera pa riddim imodzi, kutanthauza kamvekedwe ka zida zoimbira kamene oimba ambirimbiri amaimbapo, kenako limalowa m'makombi (maminibasi), mahwindi oitanira anthu okwera n'kulimwaza mzinda wonse. Lamulo la 2001 litalamula mawailesi kuti 75 peresenti ya nyimbo zawo zikhale za m'dziko muno, njira yochoka mumsewu kukafika pa wailesi inafupika kwambiri, ndipo WhatsApp ndi TikTok zangoiwonjezera liwiro.

Liwulo silikhalitsa. Likangomveka pa malonda a kampani kapena pakamwa pa wandale pamsonkhano, eni ake amalitaya, chifukwa silikubisanso kanthu. N'chifukwa chake akuluakulufe timatsalira nthawi zonse, moti pamene taphunzira kunena kuti "bho" (zili bwino), ana amakhala atasamukira kale kwina.

Kusakaniza zinenero sikundidetsa nkhawa, poti agogo athu ankalankhula Chilapalapa kumigodi koma Chichewa sichinafe. Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti chinsinsi chomwechi chimabisanso zoopsa. "Dombo" m'Chishona ndi mwala, koma pakamwa pa achinyamata ndi mankhwala ozunguza bongo a crystal meth, amene amawatchanso "mutoriro" kapena "guka", ndipo "kusticka" ndi kuuma thupi munthu akaledzera nawo. Kholo limene limangonyoza chinenerochi likhoza kumumva mwana akufunsa za dombo pa foni, n'kumaganiza kuti mwanayo wapeza ganyu yomanga nyumba.

Ine ndinayamba kumufunsa mdzukulu wanga tanthauzo la liwu lililonse lachilendo limene ndamva mu nyimbo zake. Amayamba wandiseka kaye kuti, "Agogo, limenelo ndi lachaka chatha," kenako amandifotokozera, ngakhale ndikudziwa bwino kuti alipo ena amene amandibisira.