Mwana womwetulira pachithunzi si umboni

Zandipsetsa mtima lero. Tili pankhomaliro kuntchito, mnzanga wina watulutsa foni n'kutionetsa chithunzi chakale: ana asukulu a ku Korea atafola pamzere, mbendera za Japan m'manja, onse mano poyera. Akuti, "Mwaona? Anthuwa ankasangalala nawo ulamuliro wa Japan, madandaulowa anawapeka pambuyo pake." Nsima inandiima pakhosi. Ndafika kunyumba koma mtima sunatsikebe.

Achimwene, anajambula chithunzicho ndani? Anachisindikiza ndani? Funso langa ndi lomwelo basi. Japan inalamulira Korea kuyambira 1910 mpaka 1945, ndipo m'zaka za nkhondo palibe chithunzi chinkatuluka boma lachitsamunda lisanachivomereze. Mu Ogasiti 1940 anatseka nyuzipepala ziwiri zikuluzikulu za eni dziko, Dong-A Ilbo ndi Chosun Ilbo, n'kusiya Maeil Sinbo yomwe inali pakamwa pa boma. Ndiye munthu atseke pakamwa aliyense, atsale akulankhula yekha, inu mubwere patatha zaka zonsezi n'kumati mwamva zoona? Wokupondereza akakujambula ukuseka, chithunzicho n'chake. Si chako ayi.

Mukufuna kudziwa zomwe zinkachitika munthu akasintha chithunzi? Mu 1936 Sohn Kee-chung, mnyamata wa ku Korea, anapambana mpikisano wothamanga mtunda wautali pa masewera a Olympics ku Berlin. Anathamanga ndi dzina la Chijapani, Son Kitei, mbendera ya Japan ili pachifuwa. Polandira mendulo anazyolika, n'kuphimba mbenderayo ndi kamtengo komwe anamupatsa ngati mphatso. A Dong-A Ilbo posindikiza chithunzicho anaifufuta mbenderayo. Atolankhani anamangidwa, nyuzipepala inatsekedwa pafupifupi miyezi 9. Kufufuta kambendera kamodzi! Ndiye kamwana ka zaka 10, aphunzitsi atakauza kuti kweza mbendera useke, kakanakana bwanji?

Ana omwewo m'mawa uliwonse ankaima pabwalo n'kulakatula lumbiro la Chijapani lonena kuti iwo ndi anthu a mfumu ya Japan. Lumbirolo linayamba mu 1937, pa nthawi ya bwanamkubwa Minami Jiro, yemwe ankalalikira kuti Japan ndi Korea ndi thupi limodzi. Ukapezeka ukulankhula Chikoreya kusukulu, chilango. Mu 1940 mabanja anapatsidwa miyezi 6 kuti alembetse mayina a Chijapani, ndipo pafupifupi mabanja 80 mwa 100 alionse analembetsa. Winanso adzanyamula nambala imeneyi n'kumati ankafuna okha. Ankafuna okha chiyani, pamene wokana ankavutika kupezera mwana malo kusukulu? Tangoganizani a Phiri kapena a Banda, mfunda wa makolo anu, akuuzeni kuti usiyeni pakhomo la ofesi. Mungatuluke mukuseka n'zoona?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyererezo zinali kukhitchini. Mlimi walima mpunga, akuluakulu abwera kudzayeza n'kunyamula matumba, banja litsale likudya mawere ndi misere ya ku Manchuria, ena mpaka makungwa a mitengo ya paini. Mbale zamkuwa zodyera, masipuni, ngakhale ziwiya zomwe banja linkagwiritsa ntchito pokumbukira makolo, zonse ankatolera kukasungunula kuti apange zida. Ana ankasiya makalasi kukakumba mizu ya paini yoti ayengere mafuta. Makomo anawaika m'timagulu ta mabanja pafupifupi 10, kuti aliyense aziyang'anira mnzake, ndipo chakudya chogawidwa chinkadzera momwemo. Nkhondo yolimbana ndi China, kenako America, inkafuna mpunga, chitsulo ndi anthu, basi. Mayi amene wangolandidwa mbale zake palibe anamujambula. Mbusa Ju Gi-cheol, yemwe anafera m'ndende mu 1944 chifukwa chokana kugwadira pa kachisi wa Shinto, chipembedzo cha ku Japan, sanaikidwe pachikwangwani. Akatswiri amene ankalemba dikishonale ya Chikoreya anamangidwa mu 1942, awiri anafera m'ndende ku Hamhung. Chithunzi chawo akumwetulira chili kuti?

Ndikubwerezanso: kuseka kolamulidwa si chimwemwe. Kuwomba m'manja msilikali ataima kumbuyo kwako si kuvomera.

Ndiye pali ina ija imanditopetsa, yoti "komatu anawamangira njanji". Mnzangayo anaitulutsanso itamuthera mfundo. Njanji inalipo, inde, ndipo mpunga unkatsikira ku doko la Gunsan kukakwera sitima za ku Japan. Anyamata ankatengedwa kukakumba malasha pa chilumba cha Hashima ku Japan, ndipo kuyambira 1944 ankawalemba usilikali mokakamiza. Nanga atsikana amene ankanamizidwa kuti akukagwira ntchito, n'kukathera m'nyumba zogwiriridwa ndi asilikali? Mmodzi mwa iwo, Kim Hak-sun, anaima pagulu mu Ogasiti 1991 n'kufotokoza zomwe anamuchita, ali mayi wokalamba, nkhope yake poyera, dzina lake lenileni. Mpaka lero alipo omwe amati umboni uli kuti. Mayi wolankhula ndi pakamwa pake mukumufunsa umboni, koma chithunzi chojambulidwa ndi boma lomwe linamuzunzalo mwachikhulupirira pa mphindi imodzi, nsima ili m'manja.