Zolembedwa mu journal zimathera m'thupi mwa munthu

Nkhani iyi ndakhala nayo kukhosi kwa nthawi ndithu koma dzulo ndiye yandifika pena. Pa gulu lathu la WhatsApp la kubanja azakhali anga anaponya uthenga wautali uja woti katemera wa chikuku amasokoneza ubongo wa ana, pansi pake palembedwa kuti madokotala a ku England anatsimikiza ndipo zinatuluka mu Lancet, journal yotchuka imene imasindikiza kafukufuku wa zachipatala. Ndinawaimbira pompo chifukwa ali ndi mdzukulu wa miyezi 9 amene akuyenera kukabayidwa mwezi uno. Ndiye akundiuza kuti iwe mwanawe, si ine ndalemba, alemba ndi anthu ophunzira, ine ndingatsutsane ndi buku la madokotala? Ndipo pamenepo ine ndinasowa poyambira chifukwa azakhali sananame, pepala limenelo linatulukadi mu Lancet.

Linatuluka mu February 1998, wolemba wamkulu anali Andrew Wakefield wa pa Royal Free Hospital ku London, ndipo ana amene anawayeza anali 12 basi. Ana 12 abale anga, ochepa kuposa amene amadzaza benchi imodzi kusikelo. Pepalalo linkaloza zoti katemera wa MMR, wa chikuku, matsagwidi ndi rubella, akhoza kukhala ndi chochita ndi matenda a m'matumbo komanso autism, vuto la kakulidwe ka ubongo wa mwana. Chimene owerenga sanauzidwe n'choti bamboyu ankalandira ndalama kudzera mwa loya amene ankakonza zokasumira makampani opanga katemera yemweyo, ndalama zimene pamapeto pake zinapitirira mapaundi 400,000. Anazitulutsa poyera ndi mtolankhani Brian Deer kuyambira 2004, osati akonzi a journal, osati madokotala anzake amene anawerenga pepalalo lisanatuluke. Chaka chomwecho anzake a Wakefield 10 mwa olemba 13 anadzipatula ku zimene pepalalo linkatanthauza, koma Lancet inadzalichotsa lonse mu February 2010, bungwe loyang'anira madokotala ku Britain litamupeza Wakefield wolakwa, kuphatikizapo zoti anatenga magazi a ana pa phwando la birthday ya mwana wake n'kuwapatsa mapaundi 5 aliyense. Zaka 12 pepala lili chikhalire ndi dzina la Lancet pamwamba pake. M'zaka zimenezo ana obayidwa MMR ku England anatsika kuchoka cha m'ma 92 pa 100 alionse kufika cha m'ma 80, chikuku n'kubwereranso. Ku Denmark anatsatira ana opitirira 650,000 ndipo zotsatira zake mu 2019 zinaonetsa kuti katemerayu sayambitsa autism, koma kodi uthenga umenewo munauonapo ukuzungulira pa WhatsApp? Ine ayi. Umene ukuzungulira ndi wa ana 12 uja, mpaka wafika m'manja mwa azakhali anga.

Ife chikuku timachidziwa, sitichita kumva. Mu 2010 chinagwira anthu opitirira 130,000 kuno ku Malawi ndipo pafupifupi 300 anamwalira. Sindikunena kuti anachititsa ndi Wakefield ayi, zifukwa zathu zinali zathu, ana ambiri anali ataphonya katemera. Ndikungonena kuti amene anaonapo mwana maso ali psuu, thupi lonse zidzolo, akubanika, sangaone bodza la katemera ngati nkhani ya anthu a ku yunivesite.

Koma imene imandipweteka kwambiri ineyo ndi ya 2020, chifukwa inakhudza ntchito imene ndinagwirapo ndi manja angawa. Ndinakhalapo data clerk pa kafukufuku wina pachipatala china, zaka zingapo. Ntchito yanga inali kutenga mafomu amene anesi ndi ma clinical officer adzaza n'kuwalowetsa mu kompyuta, ndipo fomu iliyonse timailowetsa anthu awiri payekhapayekha kenako kompyuta imafananiza, pakasiyana nambala imodzi yokha fomu imabwerera. Ndikukumbukira fomu ina ya mwana imene sikelo yake inalembedwa mosaoneka bwino, kaya 7.1 kaya 9.1, inki itafalikira chifukwa pepala linanyowa, ndinayenda nayo masiku awiri kusaka nesi amene analemba, iye n'kukafufuza mu register, ndiye tinapeza kuti ndi 7.1, anakhwatcha mzere umodzi, kusaina ndi kulemba deti pambali. Tipex ndi yoletsedwa. Amayi osadziwa kulemba ankadinda chala pa fomu yovomereza pali mboni, titawawerengera zonse m'Chichewa, ena ankati dikirani ndikafunse kaye bambo kunyumba, ena osabweranso, ndipo umenewo unali ufulu wawo. Ndi mmene nambala imodzi ya mu tebulo la journal imabadwira ikakhala yoona.

Ndiye pa 22 May 2020, Covid ili pakatikati anthu tonse mantha okhaokha, Lancet yomweyo inatulutsa pepala lonena kuti hydroxychloroquine ndi chloroquine zikuwonjezera imfa mwa odwala Covid. Akuti odwala 96,032, zipatala 671, makontinenti 6, data yonse yochokera ku kakampani ka ku America kotchedwa Surgisphere ka Sapan Desai. Pasanathe masiku anayi WHO inaimitsa kaye mbali ya kafukufuku wake wamkulu imene inkayesa mankhwalawa. Onani mphamvu ya pepala limodzi. Kenako anthu anayamba kuwerenga bwinobwino, ku Australia anapeza kuti pepalalo likunena za imfa zambiri kuposa zimene dziko lonselo linali litalengeza pa nthawiyo, ndipo asayansi oposa 100 analemba kalata yofunsa mafunso. Funso limodzi linali la ku Africa kuno. Pepalalo linkati lili ndi odwala opitirira 4,000 a m'zipatala za mu Africa, okhala ndi ma record a pa kompyuta atsatanetsatane mpaka za kagundidwe ka mtima, zimene zikanatanthauza kuti gawo lalikulu ndithu la odwala Covid onse a mu Africa pa nthawiyo anagonekedwa m'zipatala zolumikizana ndi kampani imene anthu ogwira ntchito kuno anali asanaimvepo.

Ine nditawerenga pamenepo ndinangoima mutu. Aliyense amene anagwirapo ntchito mu ward kuno akudziwa kuti mbiri ya wodwala imakhala mu kabuku ka kuchipatala kaja amayi amakakulunga mu jumbo, ndi mu fayilo ya mapepala imene ili pa bedi, ndi mu register yaikulu ya chikuto cholimba. Makompyuta alipo inde, ku ART amagwiritsa ntchito, m'zipatala zina za maiko ena alinso patsogolo, sindikunyoza kwathu, koma zoti mu April 2020 odwala masauzande a mu Africa data yawo yonse inkangoyenda yokha kupita ku seva ya ku America yoyera bwino yopanda mipata, nesi aliyense wa kuno akanakufunsani kuti zipatala zake ziti? Funso lophweka chonchi silinafunsidwe pepala lisanatuluke. Pa 4 June Lancet inalichotsa, olemba atatu atanena kuti kampaniyo yakana kupereka data kuti anthu apadera aiunike, kutanthauza kuti anasaina mayina awo pa manambala amene iwo eni sanathe kuwatsimikizira. Tsiku lomwelo New England Journal of Medicine inachotsanso lake lochokera ku kampani yomweyo.

Ena amati nanga vuto lili pati poti kafukufuku weniweni wa RECOVERY ku Britain anadzapezabe kuti hydroxychloroquine sathandiza pa Covid. Vuto lilipo lalikulu. Amene ankakhulupirira mankhwalawa anapezerapo pothawira, mpaka lero ukawauza zoona amakuyankha kuti si aja ananama mu Lancet aja? Bodza limodzi linadetsa ndi zoona zomwe.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikudziwa anzanga ena a ku kafukufuku sagwirizana nane. Mkonzi wa journal ya zachipatala asamabisale kumbuyo kwa peer review. Anthu ambiri amaganiza kuti peer review ndiye kuti akatswiri anapita kukaona odwala kapena anatsegula mafayilo, ayi, ndi anthu awiri kapena atatu amene amawerenga zimene wolemba watumiza, nthawi zambiri mwaulere, usiku ataweruka ku ntchito zawo, ndipo amayamba ndi chikhulupiriro choti manambalawo ndi oona. Munthu akapeka manambala mwaluso amadutsa. Ndiye udindo wofunsa kuti data ili kuti, waiona ndani ndi maso ake, wapereka ndalama ndani, komiti iti inavomereza, uli pa mkonzi. Lancet itapsa manja inasintha malamulo mu 2020 momwemo kuti olemba oposa mmodzi azitsimikiza kuti data anaiona okha, chabwino, koma zinafunika manyazi a dziko lonse kuti afike pa chinthu chimene ife pa kaofesi kathu kotentha kaja tinkachita tsiku lililonse ndi fomu ya mwana mmodzi.

Ndipo pepala likamanena za Africa, lizidutsa m'manja mwa munthu amene anagwirapo ntchito m'chipatala cha mu Africa. Apa ndiye sindisuntha. Si nkhani yotichitira chifundo kapena kutiikako kuti chithunzi chikome, ndi nkhani yoti mlendo ngakhale akhale pulofesa sangadziwe chimene chili chosatheka kuno. Chimodzimodzi ndi mayina a olemba. Pa kafukufuku wina amene ndinamuona ndi maso, clinical officer amene anayeza pafupifupi mwana aliyense, amene anauza akuluakulu kuti funso lina pa fomu amayi sakulimva ndipo analikonza yekha, pepala litatuluka dzina lake linali mu kandime kothokoza kumapeto pamodzi ndi madalaivala, pamwamba pali anthu ena amene anabwera sabata ziwiri n'kukwera ndege. Sanamupatse n'komwe mpata wowerenga pepalalo lisanapite. Zinandiwawa ndipo zimandiwawabe. Lancet Global Health inalembapo mu 2018 zodzudzula khalidwe lomangotera ngati wa parachute, kutola data n'kuuluka, ndipo ma journal ena masiku ano amafunsa kuti anthu a m'dzikomo atengapo mbali yanji, koma kufunsa pa fomu ndi kukana pepala ndi zinthu ziwiri zosiyana, ine ndikufuna kuona akukana.

Nafenso tisadziyeretse. Ma email aja a ma journal ongofuna ndalama amabwera usiku, Dear esteemed professor, tumizani pepala lanu lituluka sabata yamawa mungolipira madola angapo, alipo anzathu amene amatumizako dala chifukwa akufuna promotion ndipo akudziwa kuti palibe amene akaliwerenge. Mu 2013 mtolankhani wa za sayansi John Bohannon anapeka pepala labodza lodzaza ndi zolakwika zoonekeratu n'kulitumiza ku ma journal 304, okwana 157 analilandira. Komiti yokweza anthu pa ntchito ikamangowerenga kuchuluka kwa mapepala osayang'ana kumene anatuluka, ikudyetsa msika umenewu. Pamene tili ndi Malawi Medical Journal yathu, tili ndi makomiti a COMREC ndi NHSRC amene amaunika kafukufuku asanayambe, ndikudziwa anthu amadandaula kuti amachedwetsa, inenso ndinadikirapo miyezi ntchito itaima, koma bola kudikira kusiyana ndi kukatenga magazi a mwana wa munthu popanda amene wakufunsa chifukwa chake.

Chimene chimandichititsa kulimbikira chonchi n'choti ndinaona ubwino wake zinthu zikayenda molongosoka. Achikulire mukukumbuka chloroquine, kuwawa kuja ndi kuyabwa thupi lonse. Malawi linali dziko loyamba mu Africa kumusiya mu 1993 n'kupita ku Fansidar chifukwa kafukufuku anaonetsa kuti sakuchizanso ana malungo, ndipo mu 2007 tinasinthanso kupita ku LA pa chifukwa chomwecho. Zosankha zimenezo zinatsamira pa manambala amene anthu anatola moona, ena n'kuwaunika, n'kuwasindikiza. Mayi wa kumudzi amene akumwetsa mwana LA lero sanawerengepo journal ndipo sadzawerenga, koma moyo wa mwana wake wadalira kuti mkonzi wina kutali uko anagwira ntchito yake. Ndiye mkonzi akalakwitsa n'kuchotsa pepala, asamangodinda RETRACTED pa website n'kukhala chete, alengeze ndi mphamvu zomwe zija analengezera potulutsa, aitane atolankhani omwe aja, chifukwa la Wakefield analitulutsa ndi msonkhano wa atolankhani makamera ali pompo.

Azakhali ndinacheza nawo mpaka mayunitsi kutha, ndinawafotokozera za ana 12, za loya, za kuchotsedwa kwa Wakefield m'kaundula wa madokotala mu May 2010. Anakhala chete kenako anati nanga bwanji amene ananditumizira sanandiuze zimenezo? Ndinati mwina nayenso sakudziwa azakhali. Akuti Lachinayi apita naye mwana kusikelo, ndawauza kuti anditumizire chithunzi cha kabuku akabayitsa. Uthenga uja pa gulu sanaufufute, akuti sadziwa mofufutira, ndipo pamene ndimalemba izi asuweni anga awiri anali atauponya kale pa status.